Zimene Sizinachitike Nazo Zili ndi Nthawi Yake

Msewu wa Kilwa, umene umang'amba Mbagala pakati n'kulunjika ku Kurasini ndi kudoko la Dar es Salaam, umanyamula ziyankhulo zambiri. M'daladala ya m'mamawa yochokera ku Rangi Tatu mumalamulira Chiswahili, koma wotchera khutu amamvamo Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao cha abale athu amene anaoloka Songwe kudzafuna ntchito. Kufupi ndi doko kumamvekanso Chifalansa. Gawo lalikulu la katundu wotsika m'sitima kuno ndi wa ku Democratic Republic of Congo, ndipo malole amamunyamula kudzera ku Tunduma ndi Nakonde mpaka pachipata cha Kasumbalesa, kenako Lubumbashi. Ku Kariakoo amalonda a ku Congo ndi ku Burundi amapikula nsalu, nsapato ndi zipangizo za magalimoto. Mu 2021 atsogoleri a East African Community anavomereza kuti Chifalansa ndi Chiswahili zikhale ziyankhulo za bungwelo pamodzi ndi Chingerezi, ndipo mu 2022 dziko la Congo linalowa m'bungweli. Mnyamata wa ku Karonga wothandiza dalaivala wa lole, ngakhale mtsikana wa ku Mangochi wogulitsa m'sitolo, akudzionera yekha kuti wodziwa Chifalansa sasowa pogwira.

Ena anachilawako kusekondale kumudzi, kumene chili phunziro losankha pa mayeso a MSCE. Ena anachimva kwa anthu a ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo wa ku Dowa umene unatsegulidwa mu 1994. Ambiri akuchitola pafoni madzulo akaweruka. Onsewa amapunthwa pamalo amodzi, ndipo funso lawo limamveka motere: ndikafuna kunena kuti chinthu sichinachitike, nditenge nthawi iti ya mneni?

Funsoli lili ndi maziko. Pofotokoza zakale, Chifalansa cholankhula chimadalira kwambiri nthawi ziwiri. Yoyamba ndi passé composé, imene imapangidwa ndi mneni wothandiza, avoir kapena être, motsatana ndi mneni weniweni: “j'ai payé”, ndinalipira kapena ndalipira. Yachiwiri ndi imparfait, imene ili liwu limodzi: “je payais”, ndinkalipira. Mphunzitsi aliyense amati yoyambayo ndi ya zimene zinachitika n'kutha, yachiwiriyo ndi ya zimene zinkapitirira, za chizolowezi, ndi za mmene zinthu zinalili. Wophunzira wanzeru amaganiza mozama n'kunena kuti: chinthu chimene sichinachitike sichinayambe, ndiye sichingathe, choncho pokana ndiyenera kutenga imparfait. Maganizo amenewa amamveka okoma, koma ndi olakwika, ndipo amabweretsa ziganizo zimene munthu wa ku Lubumbashi amangoti kukamwa yasaa akazimva. Wina amafuna kuuza mwini katundu kuti ndalama sanalandire, n'kunena kuti “je ne recevais pas l'argent”, sindinkalandira ndalamazo, pamene akanayenera kunena kuti “je n'ai pas reçu l'argent”. Mwini katundu amadikira kuti nkhaniyo ipitirire, osadziwa kuti yathera pomwepo.

Kwa Mmalawi wa ku Mbagala, Chiswahili chimalimbikitsa chikayikochi. Amene wakhala kuno miyezi ingapo amakhala ataphunzira, popanda womuuza, kuti m'Chiswahili ukakana, chizindikiro cha nthawi chimasinthika. “Nilifika” amasanduka “sikufika”: li wachoka, walowa ku. “Nimefika” amasanduka “sijafika”: me wachoka, walowa ja. Ngakhale “nasoma” amasanduka “sisomi”. Khutu likazolowera zimenezi, munthu amalowa m'Chifalansa akuyembekezera kuti nakonso kukana kumasuntha nthawi. Koma m'Chifalansa mawu okana, ne ndi pas, amangozinga mneni mbali ziwiri, osakhudza nthawi yake. “Je suis arrivé” amakhala “je ne suis pas arrivé”. “J'arrivais” amakhala “je n'arrivais pas”.

Chodabwitsa n'chakuti pankhani iyi Chichewa chili pafupi ndi Chifalansa kuposa Chiswahili. Ife timati “ndinafika” komanso “ndafika”, koma pokana zonse ziwiri timalemba “sindinafike”. Pakamwa timazisiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, ndipo nthawi zambiri nkhani yokha ndiyo imatiuza ngati munthu akunena za dzulo kapena akunena kuti akadali m'njira. Mfalansa naye ali ndi “je ne suis pas arrivé” mmodzi yekha wa zonse ziwiri, ndipo akafuna kumveketsa zimene Mswahili amanena ndi “sijafika” amawonjezera liwu lakuti encore: “je ne suis pas encore arrivé”. Kumbali inayo tili ndi “ndinkafika” ndi “sindinkafika”, ndipo awa ndiwo abale a imparfait. Palibe Mchewa amene amasokoneza “sindinapite kutchalitchi” ndi “sindinkapita kutchalitchi”. Woyamba akunena za Lamlungu limodzi. Wachiwiri akunena za moyo wake pa nyengo ina. Onse awiri akukana, koma nthawi zawo n'zosiyana, ndipo amene anasankha nthawizo si kukanako ayi.

Nanga chimasankha n'chiyani? Ndi mmene wolankhula akuionera nyengo imene chinthucho chinasowekamo. Munda umene sunalimidwe chaka chino nawo uli ndi malire. Ukhoza kuima panja n'kuuona wonse kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, kapena kuima m'kati mwake osaona kumene ukuthera. Nyengo imene chinthu sichinachitikemo ili chimodzimodzi. Wolankhula akaiona yonse, yotsekeka mbali zonse, amatenga passé composé. Akaima m'kati mwake n'kumafotokoza mmene zinalili pa nthawiyo, amatenga imparfait.

Titenge lole imene yagona pa Tunduma. Dalaivala akaimbira bwana wake n'kunena kuti “le camion n'a pas démarré”, akupereka lipoti lathunthu: lole sinalire, basi, ulendo wa lero walephereka. Akanena kuti “le camion ne démarrait pas”, akuti lole sinkalira. Apa akumulowetsa bwanayo m'mamawa uja, pamene ankapotokola kiyi mobwerezabwereza injini ili zii, ndipo womvera amadikira mawu otsatira: “alors nous avons appelé le mécanicien”, ndiye tinaitana makaniko. Mwina pamapeto pake lole inalira. Imparfait sanena za mapeto. Amangotsegula khomo la nkhani.

Kutalika kwa nyengo sikusintha kanthu, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokera kachiwiri. Amamva kuti imparfait ndi wa zinthu zokhalitsa, ndiye akaona miyezi kapena zaka amathamangira komweko. Koma “il n'a pas plu pendant trois mois”, mvula sinagwe miyezi itatu, ali mu passé composé ngakhale miyezi itatu ndi nyengo yaitali kwa mlimi, chifukwa liwu lakuti pendant laika malire mbali zonse. Pamene “il ne pleuvait pas quand nous avons quitté Mbeya”, mvula sinkagwa pamene tinanyamuka ku Mbeya, ali mu imparfait ngakhale akunena za kamphindi chabe, chifukwa akufotokoza mmene kunja kunalili pamene chinthu china chinachitika. Liwu lakuti jamais nalo limayenda ndi nthawi zonse ziwiri. “Je n'ai jamais vu Lubumbashi” ndi sindinaoneko ku Lubumbashi chibadwire, zimene Mswahili anganene ndi “sijawahi”. “Mon père ne buvait jamais” ndi bambo anga sankamwa n'komwe, khalidwe lawo la masiku onse.

Pali aneni atatu amene kusankha nthawi pokana kumasinthiratu uthenga wawo, ndipo munthu wa pamsewu ayenera kuwasamala kuposa ena onse, chifukwa ndiwo amalowa m'milandu. Woyamba ndi vouloir, kufuna. “Le douanier ne voulait pas signer” ndi kunena kuti wakasitomu sankafuna kusaina. Mwina anamunyengerera, mwina anasaina pambuyo pake. “Le douanier n'a pas voulu signer” ndi kunena kuti anakana, ndipo pepalalo linabwerera lopanda siginecha. Wachiwiri ndi pouvoir, kutha. “Je ne pouvais pas payer” akufotokoza mmene zinalili m'thumba. “Je n'ai pas pu payer” ndi ndinalephera kulipira, tsiku lolipira linafika n'kudutsa. Wachitatu ndi savoir, kudziwa. “Je ne savais pas” ndi kusadziwa kumene munthu anali nako. “Je n'ai pas su quoi répondre” ndi ndinasowa choyankha pa mphindi imene anandifunsa. Wothandiza dalaivala amene akufotokoza chifukwa chake katundu wachedwa akasinthanitsa ziwirizi, akhoza kunamizira munthu kuti anakana pamene anangozengereza.

Mneni wachitatuyu akutionetsanso pamene Chichewa chimalekera kutithandiza, ndipo ndi bwino kunena poyera kuti mlatho wathu suli wathunthu. Ife timati “sindinadziwe kuti mwafika”, ndi chizindikiro na chija cha mu “sindinafike”, koma Mfalansa amati “je ne savais pas que vous étiez arrivé”, mu imparfait. Timati “ndinalibe ndalama”, iye amati “je n'avais pas d'argent”. Timati “kunalibe magetsi”, iye amati “il n'y avait pas d'électricité”. Timati “bwana sanali muofesi”, iye amati “le patron n'était pas au bureau”. Aneni onena za kukhala, kukhala ndi chinthu, kudziwa ndi kukonda safotokoza chochitika koma mkhalidwe, ndipo mkhalidwe m'Chifalansa umakonda imparfait, kaya ukuvomereza kaya ukukana. Ndikuganiza kuti apa ndi pamene panabadwira chikhulupiriro chija chakuti kukana kumaitana imparfait. Tikamadandaula kapena kupepesa, zimene timakana kawirikawiri ndi zomwezi: ndinalibe, kunalibe, sindinadziwe. Wophunzira amamva “je ne savais pas” ndi “il n'y avait pas” tsiku lililonse, n'kuganiza kuti wachititsa ndi ne ndi pas, pamene wachititsa ndi mtundu wa mneniwo.

Kodi ndiye kuti palibiretu pamene kukana kumasuntha nthawi m'Chifalansa? Alipo malo amodzi odziwika bwino, ndipo ndi malo amene munthu wokhala kutali ndi kwawo amadutsapo tsiku ndi tsiku: liwu lakuti depuis, lotanthauza kuyambira kapena chiyambire.

Pofuna kunena za chinthu chimene chinayamba kale ndipo chikupitirirabe, Mfalansa amaika mneni m'nthawi ya tsopano. “J'habite à Mbagala depuis quatre ans.” Ife timati ndakhala ku Mbagala zaka zinayi, choncho dzanja limayabwa kulemba “j'ai habité”, zimene zingamveke ngati munthuyo anasamukako. Koma chiganizo chotere chikakhala chokana, nthawi zambiri mneni amabwerera m'mbuyo sitepe imodzi n'kulowa mu passé composé: “je ne suis pas rentré au village depuis quatre ans”. Chifukwa chake si chovuta kumva. Wokhala ku Mbagala akuwerenga zaka za chinthu chimene chikuchitika pakali pano. Amene sanapite kumudzi akuwerenga kuchokera pa ulendo wake womaliza, n'kunena kuti m'nyengo yonse yapitayi ulendo wina sunachitikemo. Chichewa chimachita zofananako. Sitinena kuti sindikupita kumudzi zaka zinayi; timati patha zaka zinayi ndisanapondeko kumudzi, kapena chichokereni sindinabwerereko. Mtsikana wantchito zapakhomo amene akudandaula kwa abwana ake a ku Congo adzati “je n'ai pas reçu mon salaire depuis deux mois”, patha miyezi iwiri ndisanalandire malipiro. Ngakhale malonje ali momwemo: pamene ife timati mwasowatu, iwo amati “ça fait longtemps que je ne vous ai pas vu”.

Nkhani yonse ikasunthira m'mbuyo, kusiyana kumeneku kumasunthira nayo limodzi. Chiganizo chovomereza chimatenga imparfait: “elle travaillait à Temeke depuis un an quand sa mère est tombée malade”, anali atagwira ntchito ku Temeke chaka chimodzi pamene mayi ake anadwala. Chokana chimatenga nthawi yotchedwa plus-que-parfait, imene ndi passé composé wokankhidwira m'mbuyo: “elle n'avait pas vu sa mère depuis un an quand le message est arrivé”, panali patatha chaka asanaonane ndi mayi ake pamene uthenga unafika. Taonani kuti kusunthaku kukupita mbali yosemphana ndi imene wophunzira uja ankaganizira. Iye ankati kukana kumachotsa mneni ku passé composé n'kumupititsa ku imparfait. Zoona zake n'zakuti pamene kukana kuli ndi mphamvu, kumamuchotsa ku imparfait n'kumupititsa ku nthawi za mawu awiri.

Lamuloli nalo lili ndi pothera. Mawu okana akakhala ne ndi plus, osonyeza kuti chinthu chinalekeka, mneni sasuntha: “je ne travaille plus au port depuis janvier”, ndinasiya ntchito kudoko mu Januwale ndipo mpaka pano sindikugwirako. Apa wolankhula akufotokoza mkhalidwe watsopano umene ali nawo, osati kuwerenga kuchokera pa tsiku lomaliza. Ndipo wodwala akhoza kuuza dokotala kuti “je n'ai pas dormi depuis trois jours” kapena “je ne dors pas depuis trois jours”. Zonse ziwiri n'zolondola. Choyamba chikuwerenga masiku opanda tulo. Chachiwiri chikunena za vuto limene lamugwira ndipo silikumusiya.

Pali malo enanso amene kukana kumakhudza mneni wonena zakale, ngakhale kuti chimene chimasintha si nthawi koma kutsimikiza. “Je pense que le chauffeur a payé” ndi ndikuganiza kuti dalaivala walipira. Mukakana kuganizako, Chifalansa chosamalitsa chimati “je ne pense pas que le chauffeur ait payé”, mneni wachiwiri atalowa mu subjonctif, kaumbidwe kosonyeza kukayika. Pamsewu mudzamva ambiri akusiya “a payé” momwemo, ndipo palibe amene adzakuimitseni. Pa mayeso ndi m'kalata ya kuofesi lembani “ait payé”.

Zonsezi ndi za m'mutu. Khutu nalo lili ndi vuto lake, ndipo mosayembekezeka kukana kumalithandiza. Kwa ife “j'ai payé” ndi “je payais” zimamveka pafupifupi zofanana, makamaka pafoni imene netiweki yake ikudukaduka, ndiponso olankhula Chifalansa ambiri sasiyanitsa kwenikweni mapeto a mawu awiriwa. Koma pokana, liwu lakuti pas limaima pamalo osiyana. Mu passé composé limalowa pakati, patsogolo pa mneni weniweni: “il n'a pas payé”. Mu imparfait limabwera pambuyo: “il ne payait pas”. Polankhula mwachangu anthu amataya ne, kusintha kumene katswiri wa ziyankhulo wa ku Denmark, Otto Jespersen, anakufotokoza mu 1917, ndipo mumangomva “il a pas payé” kapena “il payait pas”. Ngakhale zili choncho, malo a pas sasintha. Mukamva pas mneni asanabwere, munthuyo sanalipire. Mukamumva mneni atadutsa, munthuyo sankalipira, ndipo mwina akukuchenjezani za khalidwe lake musanamukongoze katundu. Rien ndi jamais amakhala pamalo omwewo a pas, “je n'ai rien vu”, koma personne amadikira kumapeto: “je n'ai vu personne”.

Owerenga mabuku adzakumananso ndi passé simple, nthawi imene sikamveka pamsika koma yadzaza m'nthano ndi m'mabuku a mbiri yakale. Imagwira ntchito ya passé composé pofotokoza nkhani, ndipo kukana sikuisuntha: “il ne répondit pas” ndi sanayankhe, “il ne répondait pas” ndi sankayankha. Albert Camus, amene anabadwira ku Algeria, anadabwitsa owerenga mu 1942 polemba buku lake la L'Étranger pafupifupi lonse mu passé composé, ndipo n'chifukwa chake bukuli limathandiza wophunzira amene akufuna kuona nthawi ziwiri zija zikusinthana m'nkhani yaitali.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mwana wa Chichewa amaphunzira zonsezi modzera m'Chingerezi, chiyankhulo chimene pankhani iyi chimaphimba zimene chake chimaonetsa. Mngerezi amatha kunena mawu amodzimodzi pa “sanafune” ndi “sankafuna”, pa “sanabwere” ndi “sankabwera”, n'kusiya nkhani kuti imasulire. Wophunzira amachoka pa chiyankhulo chosiyanitsa, n'kudutsa pa chosasiyanitsa, kuti akafike pa china chosiyanitsanso, ndipo pofika amakhala atataya zimene ananyamula kwawo. Mabuku a matebulo a aneni monga Bescherelle ndi othandiza, koma ntchito yawo yaikulu ndi kuonetsa mmene mneni amaumbidwira. Chiganizo chimene chili pakamwa pa dalaivala pa Kasumbalesa sangamusankhire. Amene angamusankhire ndi funso limene angadzifunse m'chiyankhulo cha mayi ake asanatsegule pakamwa: kodi ndikufuna kunena kuti sinalire, kapena sinkalira?

Ku Malawi kuli aphunzitsi a Chifalansa ambiri amene anakulira m'Chichewa, m'masekondale ndi kuyunivesite ku Zomba. Pempho langa likupita kwa inu, aphunzitsi athu: lolani Chichewa chilowe m'kalasi pa tsiku limene mukuphunzitsa nthawi ziwirizi, ndipo tilembereni kabuku kakang'ono kofotokoza aneni a Chifalansa m'chiyankhulo chathu, kamene kangatumizidwe pa WhatsApp. Ana athu amene ali ku Mbagala, ku Kariakoo ndi m'malole a ku Lubumbashi alibe nthawi yokhala m'kalasi, koma foni ali nayo m'thumba, ndipo akawerenga.